Aphunzitsi a kumishoni, kalasi ya ana 100 ingagwirike popanda chikoti

Chaka cha sukulu chikamayamba, palibe khomo limene limagogodedwa kwambiri ngati la mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya mishoni. Amayi a geni ya tomato, abambo a maokala, makondakitala a minibasi, Akatolika ndi ena amene sanapondepo m'tchalitchi cha Katolika, onse amafuna malo a mwana wawo kumeneko. Mukawafunsa chifukwa chake, yankho limakhala limodzi: "Kumishoni kuli mwambo." Mukafunsitsa kuti mwambowo ndi wotani, ambiri amaseka n'kunena kuti, "Kumene kuja sanyengerera, mwana akalakwa amamuthira chikoti."

Apa ndiye ndati ndilankhulepo, poti inenso ndinagwirapo choko zaka zingapo pa sukulu ina ya mishoni ndipo fumbi lake ndikulidziwa. Mfundo yanga ndi yakuti mwambo umene unatchukitsa sukulu za Katolika unachokera ku kakonzedwe ka kalasi, ndipo luso la kakonzedweko Mpingo uli nalo kale m'nyumba mwake, kungoti aphunzitsi athu ambiri palibe anawauza. Nkhaniyi ikukhudza inu amene mumatapa pampamba kuti mugule yunifolomu ndi makope. Ikukhudzanso inu ana a sukulu, poti chikoticho chimagwera pamsana panu.

Tiyambe taona pamene tili. Sukulu za Katolika m'dziko muno zinamera pamodzi ndi mishoni za ansembe a Montfort amene anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, ndi za a White Fathers amene anakhazikika ku Mua mu 1902. Sekondale ya Zomba Catholic inatsegulidwa mu 1942, ndipo lero mayina ngati Likuni, Mtendere, Providence, Marymount, Chaminade ndi St Patrick's amachititsa kholo kugona tulo tabwino mwana akasankhidwira kumeneko. Koma sukulu zambiri za Mpingo ndi za pulayimale, ndipo pa zambiri mwa izo Mpingo ndi mwini wake pamene aphunzitsi amatumizidwa ndi kulipidwa ndi boma. Ndiye si mphunzitsi aliyense wa pamishoni amene ali Mkatolika, ndipo mavuto a sukulu za boma ali komweko.

Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 anthu amaikumbukira pa nkhani za ndale, koma inalinso ndi gawo la maphunziro limene linadandaula za kuthithikana m'makalasi, kusowa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, komanso kutha kwa mwambo. Patangopita zaka ziwiri, mu 1994, boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ya kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanalowepo m'koleji ya uphunzitsi. Cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma tisanamizane, m'matauni mwathu muno kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 ya ana opitirira 100 si yachilendo. Munthu akaimirira pamaso pa khamu lotere, mawu atasasa, choko chitatha, dzanja limathamangira kukathyola kamtengo. Ine sindimuweruza. Ndikungoti pali njira zina, ndipo zinayesedwa kale pa ana ovuta kuposa athu.

Ku France kunali wansembe wina dzina lake Jean-Baptiste de La Salle, amene anabadwa mu 1651 n'kumwalira mu 1719. Iye anatsegula sukulu zaulere za ana a amisiri ndi a anthu osauka ku Reims, ku Paris ndi m'mizinda ina, ana oti makolo awo ankakhala ku ntchito tsiku lonse. Makalasi ake anali odzadza. Buku la malangizo a aphunzitsi ake linasindikizidwa mu 1720, ndipo mu 1950 Papa Pius XII anamusankha kukhala nkhoswe ya aphunzitsi onse. Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu ankafuna kuti mphunzitsi azilankhula pang'ono. Mphunzitsi aliyense anali ndi kachipangizo ka mtengo kolira ngati kuthyoka kwa nkhuni. Akakaliza kamodzi, ana onse ankatembenukira kwa iye. Mwana akaphonya liwu powerenga, ankakaliza kawiri, mwanayo n'kubwerera yekha pa liwulo.

Ife sitikusowa kukaoda kachipangizo ku France. Kuwomba m'manja kawiri ana n'kuyankha katatu, kapena kukweza dzanja m'mwamba mwana aliyense amene waona n'kukwezanso lake, zimagwira ntchito yomweyo. Chofunika n'chakuti chizindikirocho chikhale chimodzi, ana achiyeseze sabata yoyamba ya teremu mpaka chilowe m'magazi, ndipo mphunzitsi asayambe kulankhula phokoso lisanathe. Mphunzitsi amene amakuwa kuti "Chete! Chete!" amangowonjeza phokoso lake pa phokoso la ana, ndipo pofika Lachitatu mawu amakhala atapita. Inu a mumsika mukudziwa kuti wokuwa tsiku lonse anthu amasiya kumumva.

Chachiwiri ndi mphindi zisanu zoyamba. Kalasi imaonongeka kapena kukoma belu likangolira. Ana akalowa n'kupeza mphunzitsi akanali ku ofesi, kapena watembenukira kubolodi akulemba deti, ndewu ya malo okhala imayamba ndipo kuizimitsa kumadya kotala ya phunziro. Mphunzitsi wochenjera amaima pakhomo ana akamalowa, pabolodi atalemba kale masamu atatu kapena mafunso awiri a phunziro la dzulo. Pemphero la pa sukulu ya Katolika likhale lalifupi ndi lodekha, ndipo likangotha aliyense adziwe kuti chotsatira ndi kutsegula kope. Pemphero lisasanduke chibalo. Mwana amene mwamugwaditsa kuti anene mapemphero chifukwa wachedwa, mwamuphunzitsa kuti kupemphera ndi chilango, ndipo phunziro limenelo adzalisunga mpaka imvi.

Chachitatu tichibwereke kwa ansembe a Chijezwiti, omwe aja anatsegula sekondale ya Loyola ku Kasungu mu 2015. Dongosolo la maphunziro awo la mu 1599, lotchedwa Ratio Studiorum, linkagawa kalasi m'magulu a ana khumikhumi, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake. Mtsogoleriyo ankamvetsera anzake akulakatula zimene aloweza, ankatolera makope ndi kuona amene sanabwere. Taganizani tsono kalasi ya ana 100. Mukaigawa chotere muli ndi magulu 10. Kuitana mayina kumene kumadya mphindi khumi kumatha mphindi imodzi, poti mtsogoleri aliyense amangonena amene wajomba. Mabuku akakhala 20 okha, gulu lililonse limalandira awiri ndipo limadziwa kuti likataya lidzayankha lokha.

Pa kuchonga makope ndiye pali phindu lenileni. Makope 100, kope lililonse mphindi ziwiri, ndi maola atatu ndi mphindi 20 pa phunziro limodzi lokha. Palibe mphunzitsi angathe zimenezi tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake makope ena amatha teremu yonse osaona inki yofiira. Koma mukamachonga magulu awiri patsiku, ndi makope 20, mphindi 40, ndipo pofika Lachisanu kope la mwana aliyense ladutsa m'manja mwanu. Otsalawo asinthane makope n'kuchongerana mayankho akulembedwa pabolodi. Musanene kuti mawa ndi gulu liti, kuti onse azilemba. Mutu umodzi susenza denga, akuluakulu ananena.

Chenjezo langa ndi limodzi pa atsogoleri a magulu. Asakhale ngati mamonitala amene tinawadziwa ife, olemba mayina a olongolola kuti akakwapulidwe, n'kumafufuta dzina la amene wawagulira chitumbuwa. Pamenepo ndi pamene katangale amayambira. Udindo uzisinthana mwezi ndi mwezi, atsikana ndi anyamata mofanana, ndipo mwana aliyense asapatsidwe mphamvu yolanga mnzake. Kwa La Salle kunali maudindo ambiri: woliza belu, wotsegula chitseko, wogawa mapepala, wotsogolera pemphero, osesa. Ine ndinaona ndi maso anga mnyamata wina wamtali wobwereza Sitandade 5, amene ankasokoneza kumbuyo tsiku lililonse, atasintha m'masabata awiri chifukwa anapatsidwa kiyi wa kabati ya mabuku. Ankafika m'mawa kuposa aliyense, ndipo teremu imeneyo silinasowe buku ndi limodzi lomwe.

Chachinayi ndi kafunsidwe ka mafunso. Matenda aakulu a makalasi athu ndi funso lakuti "Mwamva?" ana onse n'kuyankha ngati kwaya kuti "Eee!" Mphunzitsi amasangalala, koma amene amva ndi asanu a kutsogolo. Funsani funso kaye musanatchule dzina, dikirani pang'ono kuti aliyense aganize, kenako tchulani mwana amene sanakweze dzanja. Akalephera musamunyoze, funsani wina ndipo mubwererenso kwa iye kuti anene yankho ndi pakamwa pake. Pa masamu, aliyense alembe yankho pa sileti kapena pa chidutswa cha katoni ndi khala, onse akweze pamodzi. Mukangoyang'ana kamodzi mwadziwa kale ngati kalasi yamva kapena muyambirenso. Ajezwiti aja ankayamba tsiku ndi kubwereza za dzulo, ndipo Loweruka ankabwereza za sabata yonse. Ife timathamangira kumaliza silabasi, mayeso a MANEB akafika n'kupeza kuti za teremu yoyamba zinauluka.

Pa nkhani ya zipangizo, a ku Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akulimbikitsa njira imene amaitcha TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwepo. Zitsekerero za mabotolo, timitengo, njere za chimanga, makatoni a sopo, zonsezi mumsika zimatayidwa. Ndipo ana a anthu a geni ali ndi masamu m'mutu amene mphunzitsi sawadziwa. Mtsikana amene akulephera kuchotsera pabolodi, Loweruka amagulitsa mandasi pa depoti ndipo chenji cha K5,000 sachiphonya. Yambirani pamenepo. Mufunseni kuti mayi ake akaoda dengu la tomato, n'kulipira minibasi ndi chiphaso cha mumsika, ena n'kuwola, ayenera kuika milu ingati kuti mpamba ubwerere. Mwana amene wazindikira kuti za m'kalasi ndi za kunyumba ndi nkhani imodzi sapeza nthawi yogenda anzake ndi mapepala.

Chachisanu, chimene kwa ine ndi mutu wa zonse, ndi cha Don Bosco wa ku Turin m'dziko la Italy, amene anabadwa mu 1815 n'kumwalira mu 1888. Ana ake anali anyamata obwera m'tauni kudzafuna maganyu, onyamula njerwa, ogona m'makonde, ena otuluka kundende. A chipani chake ndi omwe ali ku Area 23 ku Lilongwe. Mu 1877 iye analemba mwachidule njira yake ya kaleredwe, imene maziko ake ndi atatu: kufotokozera mwana chifukwa cha lamulo, chipembedzo, ndi chikondi choti mwanayo achione. Ganizo lake linali lakuti mphunzitsi azipezeka pamene pali ana, makamaka pabwalo nthawi yopuma, kuti cholakwa chisapeze mpata wochitikira. Kumenya kwa mtundu uliwonse, kugwaditsa mopweteka ndi kukoka makutu anaziletseratu.

Ndiye tafunsani, nthawi ya buleki aphunzitsi athu amakhala kuti? Ndewu zambiri zimene zimaphulika m'kalasi zimayambira pa mzere wa phala kapena kuseri kwa chimbudzi. Tizi imene ana a Fomu 1 amaiona ku sukulu zogonera pompo imachitika pa ola limene onse akudziwa kuti kuhositelo sikufika wamkulu. Aphunzitsi awiri akamasinthana kuyendayenda pabwalo, kucheza ndi ana, nthawi zina kumenya nawo mpira wachikulunga, milandu ya ku ofesi imachepa yokha. Pabwalo pomwepo ndi pamene mumadziwira kuti uyu amagona m'kalasi chifukwa amagulitsa mazira owiritsa mpaka usiku, uyo salemba chifukwa saona bwino pabolodi ndipo akungofunika kukhala kutsogolo, winayo wakhala wolusa chifukwa maliro a mayi ake anali mwezi watha. Chikoti sichifunsa mafunso amenewa. Aphunzitsi a La Salle ankasunga kaundula wa khalidwe la mwana aliyense n'kumupatsira mphunzitsi wa chaka chotsatira. Kope limodzi, mizere iwiri pa mwana, n'zokwanira.

Wina anena kuti, "Nanga wolakwa tizingomusekerera?" Iyayi. Malamulo a kalasi akhale ochepa, anayi kapena asanu, olembedwa pakhoma, ndipo ana adziwiretu chimene chimatsatira akawaswa. Chilango chigwirizane ndi cholakwa: wataya zinyalala atole, wang'amba buku alimate, wanyoza mnzake apepese, wachedwa atsalire kuti alembe zimene waphonya. Chikhale chofanana kwa mwana wa katekisiti ndi mwana wa wogulitsa makala. Mudzudzuleni pambali, poti mnyamata wa zaka 15 mukamuchititsa manyazi pamaso pa atsikana amasankha kuchotsedwa sukulu kusiyana ndi kugonja. Ndipo musalange mtima uli m'mwamba. Muuzeni kuti tionana belu likalira, phunziro lipitirire.

Chibalo chokumba dzenje anzake akuphunzira ndi kutaya kawiri. Mwana amaphonya phunziro, mawa samva kanthu, ndiye amasokonezanso. Komanso m'dziko lodalira khasu ngati lathu lino, si nzeru kuphunzitsa mwana kuti kulima ndi ntchito ya olakwa. Kutuma ana kukalima m'munda wa mphunzitsi kapena kukatunga madzi kunyumba kwake ndi kuba nthawi imene makolo alipira ndi thukuta. Pa ana aakazi ndiye mpanda ukhale wolimba kwambiri: mtsikana asatumidwe kunyumba ya mphunzitsi wamwamuna, ndipo asatsekeredwe naye m'chipinda awiriwiri. Sukulu imene imabisa mlandu wotere poteteza dzina la Mpingo yaononga kale dzinalo.

Ndikudziwa kuti ena mutchula vesi la m'buku la Miyambo lonena za ndodo, ndipo n'zoona kuti ngakhale buku la La Salle la mu 1720 linkalola kukwapula, ngakhale linaika malire okhwima. Koma onani kumene njira inalowera. Marcellin Champagnat, amene anayambitsa chipani cha mabulaza a Marist mu 1817, omwe aja a ku Mtendere, ankadana ndi kumenya ana, ndipo Don Bosco anatseka khomolo. Kwathu kuno gawo 19 la malamulo aakulu a dziko a mu 1994 limateteza ulemu wa munthu aliyense, ndipo unduna wa maphunziro umaletsa aphunzitsi kukwapula. Mwana woopa amakhala chete mphunzitsi akakhalapo, akatuluka kalasi imasanduka msika. Mwambo weniweni mumauona pamene mphunzitsi waitanidwa ku ofesi ana n'kupitiriza kulemba.

Palinso nkhani ya ana a zipembedzo zina. M'kalasi ya pamishoni muli Asilamu, a CCAP, a Seventh Day ndi a mipingo ya Pentekosite. Makolo awo anasankha sukuluyo akudziwa kuti muli mtanda pakhoma ndipo kumachitika Misa, ndiye sukulu isachite manyazi ndi chikhulupiriro chake. Koma mphunzitsi asanyoze dzina la mwana, chovala chake kapena tsiku limene kwawo amapemphera, ndipo malikisi asadalire kuti ndani amapita ku katekisimu. Mwana Wachisilamu akadzatuluka akunena kuti pamishoni paja anandichitira chilungamo, ulaliki wa sukuluyo wamveka kuposa wa pa guwa.

Tsono kwa inu makolo anzanga. Msonkhano waukulu wa maepiskopi a dziko lonse lapansi, Vatican II, unanena mu 1965 kuti aphunzitsi oyamba a mwana ndi makolo ake. Mawu aja akuti "Mwanayu ndakupatsani aphunzitsi, akavuta mumenyeni" ndi kuthawa udindo. Ndikudziwa kuti mumachoka m'mamawa kukaoda katundu n'kubwerera dzuwa litalowa. Koma mphindi zisanu zoona kope zilipo. Ngakhale Chingerezi chikuvuteni, deti mutha kuliona, inki yofiira mutha kuiona. Kope likatha masabata awiri lopanda deti latsopano kapena lopanda chichongo, pitani mukafunse mwaulemu, musadikire lipoti la kumapeto a teremu. Ndipo makatoni ndi zitsekerero zija muzisunge, mumupatsire mwana apite nazo.

Kwa inu ana a sukulu, makamaka a sekondale, mphunzitsi akasiya chikoti musamutenge ngati wofooka. Mukamukwera pamutu mukupereka umboni kwa amene amati mwana wa ku Malawi amamva ndi mkwapulo wokha, ndipo azing'ono anu ndi amene adzalipire.

Sindikunena kuti chizindikiro cha m'manja chimanga makalasi, kapena kuti magulu a khumikhumi alipira malipiro amene achedwa. Boma ndi Mpingo ali ndi ngongole ya zipinda, mabuku, nyumba za aphunzitsi ndi aphunzitsi owonjezera, ndipo tizikumbutsa mosatopa. Koma mwana amene ali mu Sitandade 2 chaka chino sangadikire kuti zonsezo zitheke. Zimene ndatchulazi sizifuna ndalama. Zikufuna kuti mphunzitsi wamkulu ndi bambo mfumu a parishi apatule masana amodzi pa teremu, aphunzitsi akhale pansi, aonererane kaphunzitsidwe ndi kugwirizana chizindikiro chimodzi ndi malamulo amodzi a sukulu yonse. Msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi ukadzaitanidwa, tsekani okala kwa ola limodzi mupite. Nkhani ya ndalama za chitukuko ikatha, kwezani dzanja mufunse kuti makope amachongedwa kangati pa sabata, nthawi ya buleki pabwalo pamakhala mphunzitsi uti, ndipo mwana akalakwa amalangidwa bwanji. Sukulu ya mwambo mafunso amenewa siyiwaopa.